Galasi la pa njinga liikidwe pati, nanga handulo yake iti?

Ine ndimapalasa njinga kuno ku Joni kuchokera ku Cosmo City kukafika ku Randburg pafupifupi tsiku lililonse, kudzera mu Malibongwe Drive, ndipo amene mumaudziwa msewu umenewu m'mamawa mukudziwa kuti tekisi imaima paliponse munthu akangoloza chala m'mwamba. Ndiye galasi kwa ine si lokongoletsera njinga ayi. Koma ndagula magalasi atatu ndisanazindikire kuti galasi limayendera handulo yomwe uli nayo, sungangotola lililonse.

Za mbali tisatayepo nthawi. Kuno ku Joni timayenda kumanzere ngati kwathu komwe, magalimoto amakupitirira kumanja, galasi likhale kumanja basi. Mukafuna awiri ngati akabaza ikani, koma lakumanzerelo muzingoonera udzu ndi mipanda ya anthu.

Loyamba ndinagula lija lakamtengo kataliko, lomanga pa handulo ngati la njinga yamoto. Ubwino wake limakhala m'mwamba, umangoponya diso osaweramitsa mutu. Koma abale limanjenjemera, ukangolowa pa msewu wokumbika galimoto imodzi imaoneka ngati zitatu, komanso pa handulo yowongoka ya mountain bike malo ndi ochepa, pali kale buleki, magiya, belu, ena mwaikaponso foni, ndiye limakakhala mkati kwambiri mpaka theka la galasi umangoona phewa lako lomwe.

Lachiwiri ndi lolowetsa kumapeto kwa handulo. Umaboola labala yogwirira ija kunsonga, kulowetsa, kumanga ndi aleni ki, latheka. Ili ndiye limaonetsa bwino chifukwa latulukira kunja kwa thupi lako ndipo silinjenjemera kwambiri. Vuto ndi lomwelo lotulukira kunjalo. Langa linatha tsiku lina pa maloboti, ndikudzipanikiza pakati pa tekisi ndi bakkie (pikiapu), ndinangomva kuti khwa, kuyang'ana kwatsala kapulasitiki kokha, adalaivala osatembenuka n'komwe. Mlandu unali wanga ndithu, handulo yanga inali yotambalala ngati nyanga za ng'ombe. Ndinadula masentimita awiri mbali iliyonse ndi sowo yodulira zitsulo, latsopanolo n'kulizondotsa kuti lizilendewera pansi pa dzanja osati kuloza kunja. Chiyambireni silinagundidwenso.

La pa helemeti sindinakhale nalo nthawi, ndinabwereka kwa achimwene ena a ku Diepsloot sabata imodzi. Helemeti ndi lamulo kuno kuyambira 2004 ndiye pomangirira palipo kale, ndipo ukasiya njinga panja galasi umalowa nalo, palibe wokuzulira. Kagalasi kake nthawi zambiri ndi kafulati, mtunda wa galimoto umauona mmene ulili, pomwe a pa handulo ambiri ndi otukuka pakati, amaonetsa malo aakulu koma galimoto imaoneka ngati ili kutali chonsecho yafika kale. Koma ine maso anakana, ndimangoona khutu langa ndi chikwama chakumsana. Eni ake amati ukazolowera subwereranso, mwina ine ndinafulumira kugonja.

Tsopano mahandulo. Apa ndi pamene anthu amatayira ndalama. Handulo yowongoka pogwirira ndi 22.2mm, yopindikira pansi ya njinga zampikisano ndi 23.8mm, ndiye mabuleki ndi magiya a yowongoka salowa pa yopindika. Ukafuna kusinthira ku yopindikayo ugulenso zogwirira mabuleki, zosinthira magiya, tepi yokulungira, mawaya, ndipo ngati njinga yako ili ndi ma V-brake, mabuleki a mikono iwiri yaitali yofinya limu aja, zogwirira wamba za njinga zampikisano sizikoka waya mokwanira, buleki imangokhala phwatapwata. Onaninso kunenepa kwa handulo pakati pomwe imamangidwa, zakale zambiri ndi 25.4mm, zatsopano 31.8mm. Yaing'ono pa chomangira chachikulu imatheka ndi kachitsulo kotsekera mpata, yaikulu pa chaching'ono iwalani. Zonsezi kuti uzipalasa utawerama mkati mwa matekisi? Ine ayi. Galasi la yopindikayo limalowa kunsonga ya pansi, lili bwino ndithu koma kaling'ono, umachita kugwetsa maso mpaka pa bondo.

Imene inandikopa mtima ndi yobwerera kumbuyo ija, yangati ya njinga zakuda za kumudzi zonyamulira matumba a chimanga. Kusintha kwake n'kosavuta chifukwa nayonso ndi 22.2mm, mabuleki ndi magiya omwewo amalowa, kungoti mawaya amatha kufupika ndiye musanamange pindani handulo mbali zonse muone ngati sakukoka. Umakhala chilili, msana ndi manja phee, ukuona patsogolo bwinobwino. Apa galasi lakamtengo lija ndiye limakhala pakwawo, pomwe lakumapeto silithandiza chifukwa nsonga yaloza kwa iwe, umangodzionera ntchafu. Ndinayenda nayo miyezi iwiri. Chinandibweza ndi zitunda, Joni si Nkhotakota, ukafuna kuimirira pa mapedulo pokwera manja ali pafupi ndi mimba, mphamvu yake sioneka.

Amene mumayenda pafupi, kushopu ndi kutchalitchi, tengani yakumudziyo ndi galasi lakamtengo. Ine ndinabwerera ku yowongoka yodulidwa ija ndi galasi lakumapeto lozondotsa, ndipo ndikafuna kudutsa tekisi yoima ndimatembenukabe kuyang'ana ndi maso, chifukwa galimoto ikafika pambali penipeni mu galasi simuoneka kanthu.