Ndemanga yanga pa kachipatala ka mafizo ka cha ku Kamuzu Road

Amene mukusaka malo a mafizo kuno ku Salima, kachipatala ka pulayiveti kali cha ku Kamuzu Road kaja ine ndakayamikira. Ndimaperekezako achimwene anga omwe anathyoka mkono pa ngozi ya kabaza, fupa linapola bwinobwino mu chikhakha koma dzanja linangotsala lolendewera, kulidzutsa osatheka, kuseri kwa chala chachikulu dzanzi lokhalokha. Kumudzi anali atayamba kale zoti munthuyu anamuchita chipongwe.

Chandigwira mtima ndi amayi omwe amapangitsa mafizowo, satopa kufotokoza ndipo sakuonera pansi ukafunsa. Anatenga pepala nkutijambulira kuti timvetse za mtsempha womwe unavulala mu mkono wa achimwene. Akuti mtsempha wotumiza mauthenga sukhala wokha, pali maselo ena otchedwa glia omwe amausamalira, ndipo mwana akadali m'mimba ndi omwewo amalondolera maselo a ubongo malo oti akakhale. A m'manja ndi m'miyendo amatchedwa ma Schwann, amakulunga mtsempha ndi mafuta otchedwa myelin ngati pulasitiki ya pa waya wa magetsi, nchifukwa chake uthenga umathamanga. Mtsempha ukavulala mbali ya kumunsi imafota, ma Schwann aja amathandiza kuchotsa zowonongekazo kenako nkundandana pamzere kuti womera watsopanoyo atsatire njira, koma mtsemphawo umakula pafupifupi milimita imodzi yokha patsiku ndiye werengani nokha kuchoka pamwamba pa chigongono kutsika mmunsi, ndi miyezi ndithu imeneyo. Anatinso kachilombo ka khate kamalowa m'ma Schwann omwewa, mpake odwala khate amachita dzanzi.

Sanatinamize kuti mafizo amathamangitsa mtsempha ayi. Ntchito yake nkuti zala ndi mfundo zisaume podikira, ndipo anawaika kapulasitiki kogwira dzanja kuti lisamagwe. Pano achimwene ayamba kudzutsa dzanja pang'onopang'ono, tsiku lomwe linagwedera koyamba alamu anga misozi inalengeza.

Ndinawafunsanso za azakhali anga a sitiroko, anandiuza chilungamo kuti muubongo ndi mumsana nkhani ndi ina. Kumeneko omwe amapanga myelin ndi ma glia otchedwa ma oligodendrocyte, ndipo pakavulala ma glia enanso otchedwa ma astrocyte amapanga chipsera chomwe chimatchinjiriza malowo koma mitsempha imavutika kumera kudutsa pamenepo, ndiye mafizo a sitiroko amakhala ophunzitsa mbali za ubongo zomwe zatsala kuti zigwire ntchitoyo. Ena akanangoti bweretsani achira, bola ndalama ilowe.

Zodandaula zilipo. Kachipindako nkamodzi, mumadikira pa benchi panja ndi kutentha kwa Salima mukukudziwa, komanso mtengo kwa munthu wodalira kabaza ndi wowawa makamaka poti umabwerako kambirimbiri. Ubwino wake amakuphunzitsani zina zokachita kunyumba kuti maulendo achepe. Mukamapita lawirirani m'mawa, ndipo musaiwale buku la kuchipatala ndi ekisileyi yanu chifukwa amayamba aona zimenezo asanakugwireni.