Miyezi 20 ndi satifiketi ya B Corp: zomwe taona pa kopaletivi yathu

Titangolandira satifiketi ya B Corp, yosonyeza kuti bizinesi imasamala anthu ndi chilengedwe, mu Marichi 2024, ndinalonjeza abale angapo a kuno ku Britain, omwe akulingalira zoyambitsa bizinesi ya pagulu, kuti ndidzawauza ngati ndalama ndi tulo zomwe tinataya zinabwerera. Papita miyezi 20 tsopano, ndiye ngongole ija ndiibweze.

Kwa amene simutidziwa, ndife kopaletivi yoyeretsa m'maofesi mumzinda wa Manchester. Eni ake ndife tomwe amene timakolopa. Pa nthawiyo tinalipo mamembala 14: Amalawi atatu, enawo a ku Zimbabwe, Ghana ndi Poland, aliyense voti imodzi, kaya analowa liti. Tinalembetsa ku FCA, bungwe loyang'anira za ndalama kuno ku Britain, motsatira lamulo la makopaletivi la 2014. Rochdale, komwe anthu 28 anatsegula kagolosale kawo ka kopaletivi pa Toad Lane mu 1844, ndi pafupi pomwepa, choncho dzina loti kopaletivi si lachilendo kudera lino. Chomwe chinkatipinga ndi mafomu a makampani akuluakulu. Akamafuna kupereka kontrakiti amafunsa umboni woti mumasamala anthu ndi chilengedwe, ndipo kungolemba kuti "eni ake ndife" sikunkawafika pamtima.

Satifiketiyi imachokera ku B Lab, bungwe lomwe linayamba ku America mu 2006 n'kudzatsegula nthambi ya kuno mu 2015. Mafunso ake, otchedwa B Impact Assessment, ali pa intaneti ndipo kuwayankha n'kwaulere. Pamene ife tinkalowa anali m'magawo asanu, a kayendetsedwe ka bizinesi, antchito, anthu a m'dera, chilengedwe ndi makasitomala, ndipo pankafunika mapointi 80 mwa 200. Ine ndi msungichuma wathu tinayankha onse usiku umodzi, tiyi ali pambali, n'kupeza mapointi odutsa mulingo uja kutali. Tinagona tikumwetulira. Kenaka wounika anayamba kupempha mapepala a yankho lililonse, mapointi aja n'kumathothoka ngati masamba a m'chilimwe. Walira mvula walira matope.

Sanatichimwire ayi. Zinthu zambiri zabwino tinkazichitadi, koma zinali za pakamwa. Membala akaferedwa kumudzi, tinkagawana mashifiti ake ndi kusonkha ya chipepeso, monga tinazolowera kwathu. Palibe pomwe zinalembedwa. Tinakhala Loweruka zingapo tikulemba za maliro, za matenda, za madandaulo, za momwe phindu limagawidwira. Malamulo a kopaletivi nawo tinawasintha kuti azinena poyera kuti posankha zochita tiziganizira antchito, anthu a m'dera ndi chilengedwe, ndipo kusinthako kunafuna voti ya mamembala ndi kukalembetsanso ku FCA. Ndinkaiona ngati ntchito yotopetsa chabe, mpaka mnzathu wa ku Poland atataya bambo ake chaka chino. Iye si munthu wopempha, ndipo kale tikanatha kumuphonya osadziwa. Ulendo uno msungichuma anangotsegula tsamba, masiku ake ndi ndalama yake zinatuluka chimodzimodzi ndi za wina aliyense.

Koma pomwe satifiketiyi inatigwira pakhosi ndi funso limodzi looneka lozizira: mwa anthu onse ogwira ntchito pano, ndi angati ali eni? Tinawerenga. Kupatula ife 14, panali anthu 9 omwe tinkawaitana ntchito ikachuluka. Analibe voti, pogawana phindu kumapeto kwa chaka sankaitanidwa, ndipo pa ola ankalandira zocheperapo. Kunena mosabisa, tinali ndi aganyu, ife tomwe tinathawa mabwana n'cholinga choti tisakhalenso aganyu a munthu. Palibe anachita kukonza zimenezi, zinangomera pang'onopang'ono ife maso ali pa ntchito.

Msonkhano wa nkhaniyi unatentha. Amayi ena achikulire, omwe analipo tsiku loyamba, anaimirira n'kunena kuti, "Makina oyamba tinagula ndi ndalama za m'thumba mwathu, ana athu akudya buledi wouma. Ndiye wobwera dzana adye nawo mofanana?" Sindinawaone olakwa, ndipo mpaka lero sindiwaona olakwa. Wina anatchula Suma, kopaletivi ya zakudya ya ku Elland yomwe inayamba mu 1977, komwe aliyense amalandira malipiro ofanana, ndipo amayiwo anayankha kuti iwo sagwira ku Suma. Tinamangana pakati: amene wagwira miyezi 9 ali ndi ufulu wolowa umembala, sheya yake azilipira pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro, ndipo aliyense, membala kaya ayi, asalandire zochepera mulingo wa Living Wage Foundation, bungwe lomwe limawerengera malipiro okwanira kukhalira moyo. Mulingowo unali £12.60 pa ola kuyambira Okutobala 2024, ndipo mu Okutobala 2025 alengeza £13.45. Asanu mwa 9 aja alowa, tsopano tilipo 19. Phindu lomwe aliyense wa ife akale anapita nalo kunyumba Disembala wapitayu linachepa, ndipo zinaoneka pankhope za anthu.

Nanga makasitomala? Apa ndi pomwe ndikufuna amene mukuganiza zotsatira mapazi athu mumvetsetse. M'miyezi 20 yonseyi, makontrakiti omwe ndingalumbire kuti anabwera chifukwa cha chilembo cha B chija ndi awiri. Imodzi ndi yonona ndithu, moti yabweza zomwe timalipira pachaka, zomwe zimayendera kuchuluka kwa ndalama zomwe bizinesi imalowetsa. Koma maofesi ang'onoang'ono, omwe ndiwo amatidyetsa, amangofunsa mtengo ndi nthawi yomwe tifike. Ofesi ina inatiyamikira kwambiri pa imelo, mwezi wotsatira n'kutisiya chifukwa ena anatsitsa mtengo pang'ono. Maola omwe ine ndi msungichuma tinathera pa mapepala palibe anatilipira.

Malume anga ku Mulanje atamva, anafunsa ngati ndi zofanana ndi Fairtrade ya alimi a tiyi a Sukambizi. Ayi. Fairtrade imayendera mbewuyo, ndipo pa zomwe zagulitsidwa pansi pa chizindikirocho pamabwera ndalama yowonjezera yoti gulu lichitire chitukuko. B Corp imaunika bizinesi yonse, koma siwonjezera ngakhale tambala pa mtengo wanu.

Palinso nkhani ya kulemera kwa dzinalo. Kampani ya khofi ya Nespresso italandira satifiketi mu 2022 anthu ambiri anang'ung'udza, kampani ya mowa ya BrewDog inataya yake kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo mu 2025 kampani ya sopo ya Dr. Bronner's inalengeza kuti ikuchoka ponena kuti muyezo ndi wofewa kwa makampani akuluakulu. Mnzathu wa ku Ghana amakonda kufunsa kuti ife okolopa tikufunanji m'khola limodzi ndi njovu. Ndilibe yankho lomukhutiritsa.

Mu Epulo 2025 B Lab inatulutsa muyezo watsopano womwe wachotsa zophatikiza mapointi. Tsopano pali zofunika kukwaniritsa pa mutu uliwonse paokha, kuphatikizapo nyengo, ufulu wa anthu ndi ntchito yachilungamo. Kwa ife izi zikuluma. Muyezo wakale unkapereka mapointi apadera kwa bizinesi yomwe eni ake ndi antchito, ndipo mapointi amenewo ndiwo anaphimba manyazi athu pa chilengedwe. Mankhwala oyeretsera tinasinthako, zigubu timadzazanso m'malo motaya, koma galimoto zathu ziwiri ndi za dizilo, zakale, ndipo magetsi ndi mafuta omwe timagwiritsa ntchito tayamba kulemba chaka chino chomwe.

Satifiketi yathu iunikidwanso pakatha zaka zitatu, ndiye ikudikira 2027. Mu Januwale tikavota ngati tipitirize. Ine ndikavota kuti inde, ngakhale dzanja lidzakwera mozengereza. Amayi aja anena kale kuti akana, pokhapokha wina awaonetse komwe ndalama ya galimoto yamagetsi ichokere, ndipo msungichuma wapatsidwa mpaka Khrisimasi kuti abweretse mitengo itatu.