Mlangizi wa zosintha koleji: pa mpira ndi katswiri, pa za usilikali palibe chake

Izi ndalembera makolo anzanga kuno ku Indiana amene ana awo akuphatikiza mpira ndi ROTC, maphunziro aja amene mwana wa pa koleji amachita kuti akamaliza digiri alowe usilikali wa America ngati second lieutenant. Mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno, amatchinga kumbuyo. Ali m'chaka chachiwiri pa sukulu ya Division II, gawo lachiwiri la masewera a m'makoleji, anafuna kusamuka chifukwa kochi ankangomukhazika pa benchi. Tinalipira kakampani kena ka alangizi madola 450. Dzina sinditchula.

Pa mpira, bambo amene anatipatsayo ntchito amaidziwa. Mavidiyo a magemu onse anawadula n'kutsala mphindi zinayi, kuyambira pomwe mtsikanayu akuchotsa kona ndi mutu, osati zigoli za anzake monga tinkachitira ife. Anatifotokozera bwino za Transfer Portal, mndandanda wa osewera ofuna kusintha sukulu, ya NCAA (bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji), imene inayamba mu 2018: dzina likangolowamo makochi a kwina ali ndi ufulu wokuimbira, koma sukulu yako ikhoza kudzakudulira ndalama ya mpira. Anatichenjezanso kuti ku Division III kulibe sikolashipu ya masewera. Foni amayankha, ngakhale Lamlungu.

Nditafunsa za ROTC anangoti, "Musadandaule mayi, imeneyo ili paliponse." Ayi ndithu. Makoleji ambiri ang'onoang'ono alibe battalion, gulu la ROTC, yawoyawo; makadeti, ana a ROTC aja, amachita kuyenda pa galimoto kupita ku yunivesite ina. Sukulu imene iye anaiyamikira kwambiri inali yotero, ulendo wa mphindi 40, pomwe PT, masewera olimbitsa thupi a makadeti, imayamba 6 koloko m'mawa. Kuchoka kumeneko kalasi, madzulo kugiraundi. Mpira wokhawo, nyengo yake ikafika, NCAA imalola kuti udye maola 20 pa sabata, osawerengera nthawi yokhala m'basi. Nanga mwanayo azigona liti?

Chachikulu chimene sanachitchule n'komwe n'chakuti sikolashipu ya Army siingokutsata yokha ngati chikwama. Professor of Military Science, mkulu wa ROTC pa sukulupo, ayenera kuvomera, kumene ukupitako akulandire, a Cadet Command, likulu la ROTC ya Army, nawonso asaine. Palinso fomu ya 104-R, imene imandandalika makosi onse mpaka tsiku lomaliza digiri. Sukulu yatsopano ikakana makosi ena amene unakhoza kale, tsiku lija limasuntha, ndipo asilikali zosunthasuntha sazikonda. Chaka chachitatu ndiye povuta: munthu amakhala atasaina kontrakiti, ndipo chaka chikatha amapita ku Advanced Camp ku Fort Knox, Kentucky, kukakhala mwezi wathunthu ndi masiku ena. Ukagwera gulu lochedwa, umabwerako timu itayamba kale kukonzekera nyengo ya mu Ogasiti. Kwa mlendo amene akufunafuna malo mu timu, imeneyo si nkhani yocheza.

Zonsezi tinazimva kwaulere kwa lieutenant colonel wa pa sukulu yakale. Iwo ndi amene anamuuza mwanayu kuti afunse kochi aliyense funso limodzi asanakambe za ndalama: Loweruka la FTX, maphunziro a usilikali a kutchire, likagundana ndi gemu, mudzandilola? Wina anazemba funsolo. Wina anati ali kale ndi kadeti mu timu, ndipo anagwirizana ndi a ROTC kuti nyengo ya mpira osewera asamapite ku PT tsiku lililonse. Mwanayu anapita kumeneko, sukulu imene pa mndandanda wa mlangizi inali yachisanu.

Kampaniyi inalinso ndi mtengo wa madola 150 wa vidiyo yokha ndi makalata opita kwa makochi. Ngati mwana wanu ndi kadeti, lipirani umenewo basi, ndipo dzina lisalowe mu portal musanakhale pansi ndi a ROTC a mbali zonse ziwiri.