Malata, matailosi kapena silabu: denga liti lingapirire namondwe wa m'mphepete mwa nyanja?

Amene ali ndi nyumba ku Beira, Quelimane kapena Pemba, m'dziko la Mozambique, sachita kuuzidwa zimene namondwe amachita akapeza denga. Idai anatera pafupi ndi Beira mu Malichi 2019, Eloise anabweranso komweko mu Januwale 2021, Freddy anawomba Quelimane mu Malichi 2023 asanakwere kudzasakaza chigawo chakumwera cha Malawi, ndipo Chido analowera cha ku Pemba mu Disembala 2024. Wosintha denga kumeneko amalimbana ndi adani awiri: mphepo ya usiku umodzi, ndi mchere wa m'nyanja umene umadya chitsulo tsiku ndi tsiku mwakachetechete. A ku Salima, Nkhotakota, Mangochi ndi Karonga nawonso amasasulidwa madenga, kungoti madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, ndiye kwa iwo nkhani ya dzimbiri imapepukirako.

Tisanayerekeze zofolera, timvetsetsane kaye za mphepoyo. Siipondereza denga pansi monga ambiri amaganizira. Ikamadutsa pamwamba imaliyamwa, kulikokera kumwamba. Mphepo yothamanga makilomita 120 pa ola imakoka ndi mphamvu yofika pafupifupi makilogalamu 70 pa sikweya mita iliyonse, pamene ya makilomita 180 pa ola imafika cha m'ma 150. M'makona, m'mphepete ndi pamsonga pa denga mphamvuyo imatha kuwirikiza kawiri. Chitseko kapena zenera likathyoka kumbali kumene mphepo ikuchokera, mpweya umadzaza m'nyumba n'kumatukulanso denga kuchokera m'kati. Sungani manambalawa, chifukwa chofolera chilichonse tichiyeza ndi amenewa.

Malata a mizere wamba

Awa ndi amene amapezeka m'sitolo iliyonse, ndipo kalipentala aliyense amadziwa kuwakhoma. Vuto lawo ndi geji. Nambala ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 imakhala cha m'ma 0.4 mm, geji 30 cha m'ma 0.3 mm, ndipo geji 32 ndi yopyapyala kuposa pamenepo. Pa namondwe, lata la geji 32 silizula msomali. Limang'ambika mozungulira mutu wa msomaliwo, iwo n'kutsala uli chilili pathabwa. Mukaona denga losasuka misomali ili m'malo mwake, dziwani kuti lata ndilo linali lofooka. Mukaona misomali itapita limodzi ndi lata, cholakwika chinali msomali wosalala kapena thabwa lofumbwa.

Dzimbiri nalo siliwachedwetsa malatawa. Chimene chimateteza chitsulo ndi zinki amene anapakidwa pamwamba, ndipo muyezo wabwino umalembedwa Z275, kutanthauza magalamu 275 pa sikweya mita mbali zonse ziwiri. Malata ambiri otchipa amakhala ndi zinki wochepa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo pafupi ndi nyanja yamchere amayamba kufiira m'mabowo a misomali ndi m'malo olumikizira pasanapite zaka zambiri. Ngati thumba lakana china chilichonse, gulani geji 28, musagule lopyapyala kuposa pamenepo. Powalumikiza m'mbali, sanjikizani mizere iwiri ndi theka osati umodzi ndi theka. Mukatero, lata limene limafolera 762 mm lizingofolera 686 mm, choncho mbali ya denga yotalika mamita 12 ifuna malata 18 m'malo mwa 16.

IBR ndi Aluzinc

Anthu amasokoneza mayina awiriwa. IBR ndi kaumbidwe ka lata, mitumbira yake yamakona ija, pamene Aluzinc ndi chimene chapakidwa pachitsulo: aluminiyamu 55 peresenti wosakaniza ndi zinki. Mukhoza kupeza IBR ya zinki wamba, komanso malata a mizere a Aluzinc. Cha kunyanja funsani zonse pamodzi: IBR ya 0.5 mm kapena kuposa, ya Aluzinc ya muyezo wa AZ150 kupita m'mwamba, yopakidwa penti kufakitale. Lata lake limafolera 686 mm, limalemera cha m'ma 5 kg pa sikweya mita, ndipo amakudulirani utali umene mukufuna. Lata limodzi lochoka pamsonga kufika kumapeto lilibe mfundo pakati, ndipo pamfundo ndi pamene mphepo imalowetsa chala, ndi pamenenso mchere umabisala.

Kwa nyumba zambiri ili ndilo denga limene tingalimbikitse, koma limadalira kwambiri kakhomedwe. Tiyerekeze. Mapelini, matabwa opingasa aja amene lata limagonapo, akatalikirana 1.2 mita ndipo sikuluwu ikamangidwa modumpha mtumbira umodzi, sikuluwu iliyonse imagwira malo okwana 0.4 sikweya mita. Pakona pamene mphepo ikukoka makilogalamu 300 pa sikweya mita, ndiye kuti sikuluwu imodzi yasenza makilogalamu oposa 120. Mukafupikitsa mapelini kufika 90 cm n'kumanga pamtumbira uliwonse, katundu wa sikuluwu imodzi amatsika kufika pansi pa makilogalamu 50. Ndalama ya mapelini owonjezerawo ndi masikuluwu ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa malata, koma ndi pomwe amisiri ambiri amakonda kudulirapo. Gwiritsani masikuluwu okhala ndi washala wa labala, a kalasi 4 opangidwira malo amchere, olowa m'thabwa osachepera 35 mm, ndipo amangidwe pamwamba pa mtumbira osati m'ngalande modutsa madzi. Musamange mpaka labala kuphwanyika.

Aluzinc ali ndi zimene sagwirizana nazo, ndipo ogulitsa satchula kawirikawiri. Simenti yaiwisi imamudya, choncho potseka mpata wa pakati pa khoma ndi denga, matope asakhudze lata. Ikanipo pulasitiki kapena pakani phula. Sagwirizana ndi kopa, ndiye ngati matabwa anu anathiridwa mankhwala obiriwira a CCA, amene muli kopa, yalani kansalu ka pulasitiki pamwamba pa pelini. Musadule ndi girayinda: moto wake umawotcha zopakidwazo, ndipo tizitsulo timene timathetheka timamatirira palata n'kuchita dzimbiri mvula yoyamba. Dulani ndi sizasi ya malata, ndipo sesani denga madzulo aliwonse pa nthawi ya ntchito. Gatala nayo ikhale ya Aluzinc kapena pulasitiki, chifukwa madzi ochoka pa Aluzinc akamadonthera pa gatala ya zinki wamba amaibowola msanga. Chodabwitsa china n'chakuti dzimbiri limayambira kunsi kwa denga kumene mvula siifika, chifukwa mchere umaunjikana osatsukidwa. Kutsukako ndi madzi abwino kangapo pa chaka kumathandiza kwambiri.

Malata a aluminiyamu yekhayekha amapirira mchere kuposa onsewa, ndipo ndi oyenera nyumba imene mafunde amaithira malovu. Koma ndi odula, ndi ofewa moti amafuna kukhala okhuthala 0.7 mm kapena kuposa, amafutukuka ndi dzuwa pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndipo amafuna masikuluwu a stainless steel. Sapezekapezekanso.

Matailosi

Amene amakonda matailosi a konkire amati kulemera kwake ndiko chitetezo. Tiyeni tiwerengere. Pa sikweya mita pamalowa matailosi pafupifupi 10, lililonse cha m'ma 4.5 kg, zonse pamodzi makilogalamu 45 mpaka 50. Mphepo yamakilomita 180 ija ikukoka 150. Kulemera kokha sikukwana, ngakhale kuti mipata ya pakati pa matailosi imachepetsako kukokako. Ubwino wake weniweni uli kwina: sachita dzimbiri, m'nyumba mumazizira bwino, mvula siisokosa, ndipo akawonongeka mumasintha ochepa osati denga lonse. Kuipa kwake n'kwakuti tailosi limodzi likazuka, anzake oyandikana nalo amatsatira ngati mano a chipeso, ndipo louluka lija limakaswa mawindo a eni ake kapena a neba.

Wosankha matailosi kumalo a namondwe akhomere kapena kumanga ndi kilipi tailosi lililonse, osati mizere ya m'mphepete yokha monga amachitira kumtunda. Pansi pake payalidwe pulasitiki ya denga, imene imatchinga madzi okankhidwa ndi mphepo. Matailosi a pamsonga ongomatidwa ndi simenti ndiwo amayamba kuchoka simentiyo ikang'aluka, choncho nawonso amangidwe ndi waya kapena sikuluwu. Ndipo musaike matailosi pa mitengo imene inkanyamula malata. Mathirasi, mafulemu amakona atatu aja amene amanyamula denga, akakhala a malata amatalikirana mpaka 1.2 mita, pamene a matailosi amafuna 76 cm, ndi timatabwa ta 38 x 38 mm totalikirana osapitirira 34.5 cm. Mukunena zopasula denga lonse, ndiponso kuonetsetsa ngati makoma angasenze katundu wochuluka pafupifupi kakhumi.

Pali matailosi achitsulo okutidwa ndi timiyala, amene ambiri amangowatchula kuti Harvey tiles. Ndi opepuka ngati malata, koma amakhomedwa kutsogolo, msomali n'kulowa chopingasa. Mphepo ikamakoka, imayenera kudula msomaliwo osati kungouzula, ndipo n'chifukwa chake amagwira bwino pa mkuntho. M'kati mwake ndi chitsulo basi, ndiye podulidwa ndi pokalika pamafuna kupakidwa. Mtengo wake uli pamwamba pa IBR, ndipo amafuna mmisiri amene anawakhomapo kale.

Silabu ya konkire

Mphepo ilibe chochita ndi silabu. Yokhuthala 12 cm imalemera pafupifupi makilogalamu 290 pa sikweya mita. Koma kulemera komweko ndiko kumaichititsa kukhala yosayenera nyumba zambiri zakale. Imafuna mizati ndi mabimu a konkire wazitsulo, ndi maziko amene anakonzedwera zimenezo. Pakhoma la njerwa zomangira dothi musayese n'komwe. Silabu ya masikweya mita 100 imadya konkire wokwana makiyubiki mita 12, amene ndi matumba a simenti oposa 80, osawerengera zitsulo, miyala, matabwa ndi mitengo yochirikizira. Pamafunika injiniya.

Mdani wake wamkulu ndi mchenga wa kugombe. Mchere wake umalowa mpaka pazitsulo, dzimbiri limatupa, konkire n'kuyamba kusweka kunsi, zidutswa kumagwera m'chipinda. Mchenga ukhale wa kumtsinje, madzi akhale abwino, ndipo zitsulo zikwiririke ndi konkire wosachepera 4 cm. Ithiriridwe madzi masiku osachepera 7, mitengo yochirikizira ikhale milungu itatu, pamwamba papendekeke pang'ono kuti madzi asadikhe, ndipo papakidwe zotchinga madzi zimene muzibwereza pakapita zaka. Usiku imatulutsa kutentha kumene yasunga masana, ndipo a ku Beira akudziwa kuti kutentha kwa Januwale si nthabwala. A m'mbali mwa nyanja ya Malawi akumbukirenso zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009: denga lolemera pa makoma ofooka ndi msampha. Njira yapakati imene ili yanzeru ndiyo kuthira silabu pa chipinda chimodzi chaching'ono, monga bafa ndi kakhonde ka m'kati, kuti banja likhale ndi pothawira, kwina konseko n'kufolera ndi IBR.

Pansi pa chofolera

Madenga ambiri amene amapezeka m'munda mwa neba amakhala athunthu, malata ali pamapelini, mapelini ali pamathirasi. Chinalephera ndi pamene denga limagwirana ndi khoma. Thirasi iliyonse imangidwe ndi lamba wachitsulo wa 30 x 1.6 mm, kapena waya wa 4 mm wopindidwa pawiri, wolowa m'khoma osachepera 60 cm kapena wokoledwa ku zitsulo za ring beam, bimu ya konkire ija yozungulira pamwamba pa makoma. Lambayo azungulire pamwamba pa thirasi n'kukhomedwa mbali zonse, osati kungopindidwira pa msomali umodzi. Ngati nyumba ilibe ring beam, nthawi yoithira ndi ino denga lili chotsegula: zitsulo zinayi za Y10 kapena Y12 (zokhuthala 10 kapena 12 mm), zomangidwa ndi mphete za R6 (6 mm) pa 20 cm iliyonse. Pelini nayonso imangidwe ku thirasi ndi kachitsulo kapena waya, chifukwa msomali wokhomedwa choimirira umazuka mbali yomweyo imene mphepo ikukokera. Thabwa lililonse lakale libayeni ndi sikuludiraiva. Likalowa mosavuta, chiswe kapena chinyezi chinadya kale.

Kaumbidwe ka denga nakonso n'kosankha. Denga la mbali zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri, chifukwa lilibe chipupa chachitali cha kumapeto chimene mphepo imamenya mwachindunji. Limadya matabwa ambiri ndipo malata odulidwa mopendekera amatayika ochuluka, koma kusiyana kwake pa mkuntho n'koonekeratu. Lipendekeke cha m'ma madigiri 30. Denga logona kwambiri, makamaka la mbali imodzi lobisika kuseri kwa kampanda kosalimba, limayamwidwa kwambiri. Denga lisatuluke kunja kwa khoma kupitirira 45 cm, ndipo kunsi kwake kutsekedwe. Khonde likhale ndi denga lakelake losalumikizana ndi la nyumba, kuti likanyamuka lipite lokha. Miyala, njerwa ndi matayala oika padenga zimathandiza pa kamphepo ka masana, koma pa namondwe zimasanduka zida.

Ngati denga limene mukuchotsa ndi la asibesitosi, limene ku Mozambique amati lusalite, linyowetseni, masulani lata lililonse lathunthu, musaliswe kapena kulicheka, ndipo ogwira ntchito avale zotchinga mphuno. Ntchito yonseyi ichitike pakati pa Meyi ndi Okutobala, anamondwe asanayambe mu Novembala, ndipo sasulani mbali imodzi yokha imene mungathe kufolera tsiku lomwelo. Mmisiri asanalandire ndalama yomaliza, kwerani m'siling'i ndi tochi muwerenge malamba thirasi ndi thirasi, ndipo muone masikuluwu angati anaphonya pelini n'kumalendewera m'malere.