GIMP pa ntchito yopanga felemu yoboola pakati

Ngati chimene mukufuna ndi felemu yokongola m'mbali koma yoboola pakati, yoti muzingolowetsa chithunzi chilichonse kumbuyo kwake, GIMP, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi, imaigwira ntchitoyi bwino lomwe, ndipo ndi yaulere. Ndanena msanga kuti amene muli pa changu mudziwiretu maganizo anga. Kungoti pulogalamuyi simuuza munthu chochita. Imangomuyang'ana.

GIMP si ya dzulodzuloli. Anaiyamba Spencer Kimball ndi Peter Mattis mu 1995, ali ophunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo mpaka lero amaikonza ndi anthu odzipereka. Imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Ine ndinaizolowera pa 2.10 ya mu 2018, panopa ndili pa 3.0 imene inatuluka mu Malichi 2025, koma pa nkhani ya mafelemu njira yake ndi yomwe ija.

Nkhani yonse yagona pa chinthu chotchedwa alpha channel. Kadontho kalikonse ka pachithunzi kamasunga manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu. Alpha ndi nambala yachinayi, yonena kuti kadonthoko kakubisa zakumbuyo mochuluka bwanji. Ikakhala pa 255 kamabisiratu, ikakhala pa 0 kamakhala ngati palibe. Chithunzi cha JPEG chimabwera chopanda nambala imeneyi. Ndiye mukatsegula JPEG, n'kusankha pakati, n'kudina Delete, GIMP siboola ayi, imangopaka pamalopo mtundu wa background, umene nthawi zambiri umakhala woyera. Poyera pamenepo pamanamiza. Pamaoneka ngati pabooka, mpaka mutaika chithunzi kumbuyo n'kuona kuti sichikutulukira. Mankhwala ake ali pa menyu ya Layer, kenako Transparency, kenako Add Alpha Channel. Mukatero, Delete yemwe uja amasiya tibokosi totuwa tosinthanasinthana, ndipo tibokosi timeneto ndiye umboni woti pabookadi. Pali kachizindikiro kena kamene ambiri sakazindikira: GIMP imasanjikiza zigawo za chithunzi, china pamwamba pa chinzake, zotchedwa ma layer, ndipo layer yopanda alpha dzina lake limalembedwa ndi zilembo zonenepa pamndandanda wa ma layer umene umakhala kumbali. Anaganiza bwino, koma anabisa.

Felemu wamba imatha musanatope n'komwe. Potsegula fayilo yatsopano, pitani pa Advanced Options, pa Fill with musankhe Transparency. Ya pa intaneti ine ndimaika timadontho 1080 kwa 1080. Yokasindikiza pa pepala la mainchi 6 kwa 4 ndimaika 1800 kwa 1200, kuti pa inchi iliyonse pakhale timadontho 300. Thirani mtundu ponseponse ndi Bucket Fill, sankhani zonse, pitani pa Select n'kudina Shrink, lembani 80 kapena mmene mukufunira kuti felemuyo inenepe, kenako Delete. Basi. Pa kabokosi ka Shrink kamene kaja pali mzere wonena kuti Selected areas continue outside the image. Ukakhala wochonga, Shrink sasuntha kanthu kuchoka m'mphepete, mudzangoti pulogalamu yafa. Chotsani kachongako. Mukafuna makona osasongoka, Rectangle Select ili ndi Rounded corners. Mukafuna bowo lozungulira, tengani Ellipse Select, ndipo Feather amachititsa kuti m'mphepete mwa bowolo muzizimiririka pang'onopang'ono m'malo moduka mwankhaza.

Koma zimenezo mapulogalamu ambiri amatha. Chimene chimandisunga pa GIMP ndi Color to Alpha, imene ili pa menyu ya Colors. Tiyerekeze kuti mwajambula maluwa ndi masamba m'mbali mwa pepala loyera, mwawaika pa sikana, ndipo mukufuna akhale felemu. Mukachotsa kuyerako ndi Fuzzy Select, tsamba lililonse limatsala ndi kamzere koyera m'mphepete, ndipo kamzereko kamaonekeratu mukaika chithunzi chakuda kumbuyo, ngati chinthu chodula ndi sizasi yobuntha. Color to Alpha sidula. Imalowa m'kadontho kalikonse n'kuchotsamo gawo la kuyera lokha, n'kulisandutsa alpha. Kumene burashi inangokhudza pepala mopepuka kumatsala kopyapyala momwemo, chithunzi chakumbuyo n'kumaonekera m'kati mwake. Timizere ta pensulo tating'ono kwambiri timapulumuka tonse. Vuto lake ndi lakuti siisankha: duwa lapinki kapena lachikasu chotuwira nalonso lili ndi kuyera m'kati, ndiye limayamba kuonetsa zakumbuyo. Pamenepo muyenera kusewera ndi Opacity threshold mpaka duwalo litabwerera, kapena kuyamba mwasankha malo okhawo amene mukufuna kuti kuyera kuchoke. Apa ndi pofunika kufatsa, ndipo ndi pamene felemu imasiyana ndi ya wina aliyense.

Amene mwazolowerako pang'ono, siyani Delete, gwiritsani ntchito layer mask. Mukapaka chakuda pa mask felemu imabisika, mukapaka choyera imabwerera, ndiye bowo mutha kulikulitsa kapena kulichepetsa tsiku lina popanda kuyambiranso.

Zimene sindikondwera nazo zilipo. Mamenyu ake ndi odzaza, ndipo zinthu zogwira ntchito limodzi zinamwazikana. Layer iliyonse ili ndi kukula kwakekwake kosiyana ndi kwa fayilo yonse, kumene amakuonetsa ndi kamzere kachikasu kodukaduka, ndipo munthu watsopano amadabwa burashi ikakana kulemba kunja kwa kamzereko. Layer to Image Size amakonza zimenezi, koma mukadziwa kuti alipo. Mafelemu opangiratu oti mungosankha, monga amene ali pa Canva, muno mulibe. Ya pa foni kulibenso. Iyi ndi ya munthu wokhala pa kompyuta amene akufuna felemu yakeyake, osati yofanana ndi ya anthu ena chikwi.

Posunga m'pamene ntchito yabwino imaonongekera. Kuyambira pa 2.8 ya mu 2012, Save amangosunga fayilo ya XCF, imene ndi ya GIMP mwini wake. Isungeni ndithu, chifukwa ma layer ndi mask zonse zimakhala mmenemo. Koma felemu yoti mugwiritse ntchito ituluke kudzera pa Export As, ndipo dzina lake lithere ndi .png. PNG imasunga alpha yense, ndi kuzimiririka kwa Feather komwe. JPEG imatseka bowo. GIF imadziwa zinthu ziwiri zokha, pobooka ndi posabooka, ndiye m'mphepete mumatuluka manomano. WebP nayo imasunga alpha, ngati kumene mukuipititsa amailandira.

Poyesa felemuyo, tsegulani PNG ija, bweretsani chithunzi kudzera pa Open as Layers, chikokereni pansi pa felemu pamndandanda, n'kuchikulitsa ndi Scale mpaka chitadzaza bowo. Yesani ndi chithunzi chakuda kwambiri, chifukwa ndi chimene chimaulula timizere toyera totsalira. Ndipo potumizira munthu pa mapulogalamu otumizirana mauthenga, tumizani ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, ambiri amachipanikiza n'kuchisandutsa JPEG, felemu n'kukafika yotseka pakati.