Magiya achitsulo a 5:1 mu Penn Jigmaster 500 yakale: liwiro lilipo, koma onani nambala musanagule

Ndemanga ino ndi ya magiya awiri achitsulo chosachita dzimbiri, a 5:1, amene ndinagula kuti ndiike mu Penn Jigmaster 500 yanga yakale, reel yowedzera nsomba, makina aja okulunga chingwe pa ndodo. Si a Penn ayi, ndi a kampani ina yaing'ono mwa makampani aja amene amasula zipangizo za mareel akale. Ndawavutitsa mokwanira pa nyanja yamchere, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Chitsulo chake ndilibe nacho dandaulo. Nyenyezi yachisanuyo ndawamana chifukwa cha mmene wogulitsa analembera malonda ake, ndipo ndifotokoza bwino mmunsimu.

Kwa amene simunatsegulepo reel yotere, nkhani ya manambalayi ili motere. Mkati muli giya yaikulu yomwe imazungulira limodzi ndi chogwirira, ndi giya yaing'ono yomwe amaitcha pinion, imene imazunguza spool, pokulungira chingwe paja. Jigmaster 500 imachokera kufakitale ndi 4:1, kutanthauza kuti mukapukusa chogwirira kamodzi, spool imazungulira kanayi. Magiya atsopanowa amaizunguza kasanu. Koma chingwe chomwe chimalowa pa mpukuso umodzi sichidalira magiya okha, chimadaliranso kuchuluka kwa chingwe chomwe chili pa spool nthawi imeneyo. Tiyerekeze kuti mpukutu wa chingwe ndi wonenepa masentimita 5: kuzungulira kamodzi kumakulunga pafupifupi masentimita 16, ndiye 4:1 ikoka masentimita 63, pamene 5:1 ikoka 79. Chingwe chikapita chambiri m'madzi, mpukutuwo n'kutsala masentimita 3, 5:1 yomwe ija imangokoka masentimita 47. Choncho munthu amene spool yake ili theka asathamangire kugula magiya. Aidzaze kaye chingwe, adzaona kusintha osamasula sikuluwu ngakhale imodzi.

Ine ndinawafuna chifukwa cha nyambo zachitsulo zoponya. Nsomba zothamanga monga bonito ndi tuna zing'onozing'ono zimafuna nyambo yothawa, ndipo ndi 4:1 dzanja limatopa kupukusa nyambo isanafike pa liwiro lomwe zimalikonda. Pa ntchito imeneyi magiyawa achita zomwe ndinawagulira. Nyambo imabwera ikuvina bwino, ine ndikupukusa mosadzipanikiza, ndipo ndikafuna kuponyanso sindichedwa kukulunga chingwe. Apa palibe chokokomeza, kusiyana kwake kumamveka pa kuponya koyamba komwe.

Mtengo wa liwirolo umalipiridwa ndi mkono. Katundu yemweyo amene mumamukoka ndi 4:1, pa 5:1 amafuna mphamvu yoonjezera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chimodzimodzi kukwera chitunda pa njinga uli pa giya yothamangira: pachidikha umauluka, pokwera miyendo imalira. Tsiku lomwe ndinawedza pansi penipeni ndi chimtovu cholemera, chogwirira chinauma m'manja, ndipo nsomba itakana kuchoka pansi ndinayenera kuikweza ndi ndodo n'kumangokulunga chingwe potsitsa. Ndinaikapo chogwirira chachitaliko ndipo zinapepukako, ngakhale chogwirira chachitali chimapangitsa dzanja kuyenda mtunda wautali pa mpukuso uliwonse, ndiye gawo lina la liwiro lija limabwereranso komwe linachokera.

Penn yomwe inkazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake mareel ake sanali ndi liwiro limodzi. Kampaniyi inayambitsidwa ndi Otto Henze mu 1932 ku Philadelphia, ndipo mtundu wake wa mareel wotchedwa Senator unatuluka mu 1936. Senator 113 ya mbali zakuda, ya saizi 4/0, ili ndi 2:1 yokha, yopangidwira kukoka zolemera pang'onopang'ono. Mnzake wa mbali zofiira, 113H, ali ndi 3.25:1, pamene 114H yaikuluko ili ndi 2.8:1. Long Beach 60 ili ndi 2.5:1. Mukaona mndandandawu mudzazindikira kuti mareel onsewa ali ndi nambala yotsika kuposa ya Jigmaster. Sikuti amisiri akalewo ankalephera kusula magiya othamanga. Ankadziwa nsomba yomwe reel iliyonse ikukakumana nayo.

Tsopano ku nkhani yomwe yandilembetsa ndemangayi. Wogulitsa analemba kuti magiyawa amalowa mu Jigmaster, basi. Koma Jigmaster si imodzi. Pali 500 ndi mng'ono wake wopapatiza 501, onse a 4:1, ndipo awiriwa amabwerekana magiya popanda vuto. Palinso 505HS ndi 506HS, amene anachokera kufakitale ali kale ndi 5:1 komanso ali ndi mabering'i, pamene 500 imayenda pa mabushi. Kunja amafanana ngati ana a mimba imodzi, koma spool, bridge (chitsulo chonyamula giya yaikulu) ndi magiya a 505HS si zomwe zili mu 500. Munthu wa 505HS akagula magiya omwe ndagulawa, ndalama yake yalowa m'madzi, ndipo wa 500 akatola magiya a 505HS poganiza kuti apeza 5:1 mosavuta, adzapeza kuti sakukhala. M'phukusi munalibe ngakhale kapepala konena zimenezi. Mzere umodzi wokha pa malondawo ukanapulumutsa anthu ambiri.

Chifukwa chomwe magiya sangosinthanitsidwa n'chakuti mtunda wa pakati pa mtima wa giya yaikulu ndi mtima wa spool unakhazikika kale ndi bridge komanso mbale yam'mbali. Sungasunthe. Wofuna kukweza liwiro m'malo omwewo ayenera kukulitsa giya yaikulu pang'ono, kuchepetsa pinion, ndi kusintha kukula kwa mano. N'chifukwa chake awiriwa amagulitsidwa pamodzi ndipo ayenera kulowa pamodzi. Musayese kusiya pinion yakale ya 4:1 n'kuikumanitsa ndi giya yaikulu ya 5:1. Mano ake sangalumane bwino, ndipo ngati mwawakakamiza adzadyana. Kumbukiraninso kuti pinion yochepa imakhala ndi mnofu wochepa, ndiye ngakhale ili yachitsulo cholimba, si yokokera chilichonse chomwe chadya nyambo. Reel imeneyi inapangidwira chingwe cha mapaundi 30 kapena chapafupi pamenepo, ndipo magiya atsopano sasintha chibadwa chake.

Chomwe chimathandiza kwambiri pa mareel a Penn ndi kalembedwe ka manambala a zipangizo. Nambala yoyamba imanena mtundu wa chipangizo: 5 ndi giya yaikulu, 13 ndi pinion, 3 ndi bridge, 98 ndi sleeve (kapaipi komwe giya yaikulu ndi chogwirira zimakhalapo), 6 ndi mawasha a drag (mabuleki olamulira kutuluka kwa chingwe nsomba ikamakoka), 29 ndi spool. Nambala yachiwiri imanena reel yomwe chipangizocho chinayambira. Choncho 5-500 ndi giya yaikulu ya Jigmaster 500, ndipo mukaipeza nambala yomweyo pa chithunzi cha zipangizo za reel ina, dziwani kuti ziwirizo zimabwerekana. Ndi mmene ndinadziwira kuti Senator 112H, ya 3/0, imayenda ndi magiya omwewa a 5-500 ndi 13-500, n'chifukwa chake nayonso ndi 4:1. Mawasha a drag a Jigmaster ndi 6-309, dzina lochokera ku reel ina yosiyana nayo maonekedwe. Dzina lolembedwa pambali pa reel likhoza kukusokeretsani, koma manambalawa sanama. Pomwe pali H kumapeto samalani kwambiri: 113 ndi 113H zimasiyana ndi chilembo chimodzi, koma magiya ake ndi a mitundu iwiri.

Kuika magiyawa sikunandivute kwenikweni. Jigmaster ili ndi kasikuluwu kamodzi komasula ndi chala, mukapotoza mbale yakumanja imachoka yonse. Vuto limayamba pa masikuluwu anayi a bridge. Awiri apamwamba ali ndi timizere kumapeto kokha chifukwa ndi amene amanyamula tisipuling'i tokankha pinion, ndiye musawasakanize ndi apansi. Kasipuling'i ka dog, kachitsulo kaja koletsa chogwirira kubwerera m'mbuyo, kamadumpha mukangotukula bridge, choncho gwirirani ntchitoyi pa nsalu yoyera. Giya yaikulu inakhala pa sleeve bwinobwino, ndipo mawasha anga atatu a drag, a mtundu wa HT-100, analowa m'mimba mwake popanda kusema kalikonse. Pinion ndiyo inali yothina pang'ono pa kachitsulo kapakati pa spool, moti spool sinkazungulira momasuka ndikaimasula. Ndinapukuta mkati mwake mopepuka ndi kansalu kopaka mankhwala owalitsira zitsulo, n'kudonthezamo mafuta, ndipo inamasuka. Pa chipangizo chatsopano ndikanakonda chibwere chosalala kale, koma si nkhani yobwezera katundu.

Poti reel inali yotsegula kale, ndinasinthanso sleeve yamkuwa n'kuika yachitsulo. Yamkuwa imatha makona pamwamba pomwe chogwirira chimakhala, makamaka mukayamba kupukusa mwamphamvu monga 5:1 imafunira, ndipo chogwirira chimayamba kugwedera. Apanso pali msampha wa manambala. Pali 98-60 ya timizere totalikirana ndi 98-505 ya timizere tothithikana, ndipo iliyonse ili ndi nyenyezi yake yomangira drag. Mukagula sleeve ya mtundu wina, gulaninso nyenyezi yogwirizana nayo, apo ayi muononga zonse ziwiri pozikakamiza. Ine ndinasankha yothithikana chifukwa drag imakwera pang'onopang'ono, osati kungolumpha.

Za phokoso ndinene chilungamo: lilipo. Giya yamkuwa ikamayenda ndi pinion yachitsulo imakhala yofewa m'manja, pamene chitsulo pa chitsulo chimalira, ndipo masiku oyamba mumamva mano aliwonse akudutsa. Ndinapaka girisi wa m'madzi amchere pa mano, ndipo m'kupita kwa nthawi kulirako kunachepa, ngakhale sikunathe. Amene amakonda reel yoyenda mwakachetechete adzadandaula. Kwa ine n'zopiririka, chifukwa nditatsegulanso patapita miyezi ndinapeza mano ali akuthwa monga anabwerera, opanda dzimbiri ngakhale kadontho. Ndimatsuka reel ndi madzi opanda mchere ndikangobwera, ndipo chizolowezi chimenecho musachisiye poganiza kuti chitsulochi sichigwira dzimbiri: bridge, masikuluwu ndi zina zonse zamkatimo zikadali zakale zomwe zija.

Lingaliro loika 5:1 mu Jigmaster 500 si lachilendo. Carl Newell wa ku California anasula magiya otere kalekale, komanso a 4:1 a 113H, ndipo makampani monga Accurate ndi Tiburon anapanga mafelemu a aluminiyamu a mareel omwewa. Felemu yolimba ili ndi ntchito pa nkhani ya magiya: reel ikapindika pang'ono pokoka nsomba yaikulu, mano salumana mokwanira ndipo amayamba kudyeka m'mphepete. Amene mukufuna kumanga drag kwambiri ganizirani za felemu musanaganize za liwiro.

Ngati mumawedza pansi, kapena mumakoka nyambo kumbuyo kwa boti, musagule magiyawa, 4:1 yanu ikukwanirani ndipo mkono wanu udzapuma. Ngati mumaponya nyambo zachitsulo ndipo reel yanu ndi 500 kapena 501, agulireni. Magiya akale musataye: apakeni girisi, muwamange pamodzi m'kathumba, mulembepo 5-500 ndi 13-500. Anga ndinawasunga choncho, ndipo nyengo yowedza pansi ikafika ndimawabwezeramo.