Zithunzi za agogo: zikhale m'sutikesi kapena zipite ku Chichiri?

Mabanja ambiri kuno ku Mulanje ali nazo: agogo akuthyola tiyi ku esiteti, ukwati wa ku mishoni, malume atatchena suti pobwera ku Joni nthawi ya Wenela.

Zikakhala pakhomo zimakhala zanu. Mdzukulu amazigwira m'manja, azakhali n'kumaloza kuti uyu ndi uje, anakwatiwa kwakuti. Koma nyengo yathu sigwirizana ndi pepala. Chinyezi cha chiperoni chimamatitsa zithunzi, nkhungu n'kudya nkhope, chiswe n'kumalizitsa. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba mu Marichi 2023, ndani akanakumbuka sutikesi ya kunsi kwa bedi? Palinso achibale obwereka pamaliro, osabweza.

Kupereka kumafuna ulendo, poti malo odziwika ali kutali: nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, zonse mu Blantyre, kapena National Archives ku Zomba. Kumeneko ofufuza mbiri adzaziona, ndipo n'zofunika, chifukwa zithunzi zambiri zakale za m'minda ya tiyi anajambula ndi azungu, antchito alibe ndi mayina omwe. Choipa chake, mukapereka mwapereka. Mwina sadzazipachika pakhoma, zidzangokhala m'bokosi.

Ine ndingapereke zoonetsa ntchito, misika ndi sukulu, zaukwati n'kusunga. Musanatero gwirizanani paubale, makamaka ndi eni mbumba, mujambulenso chilichonse pafoni, ndipo kuseri kwake mulembe ndi pensulo dzina, mudzi ndi chaka. Bolopeni imadutsira kumaso.